Kodi kukhala landilodi mu Second Life kuli ndi phindu?

Nachisale analemba:

Ndakhala mu Second Life, dziko longoyerekeza la pa intaneti, zaka zitatu, ndipo nthawi yonseyi ndimachita lendi kapuloti ka m'mphepete mwa nyanja komwe ndinamangapo nyumba yanga. Sabata iliyonse ndikamaponya ndalama m'kabokosi ka lendi, ndimadzifunsa ngati sindingathe kukhala amene akulandira ndalamazo. Ndasunga kampamba pang'ono, ndipo ndikuganiza zogula region (chigawo chachikulu cha malo) yathunthu kuti ndiidule mapuloti. Inu amene munayesapo, ndithandizeni nzeru: ndiyambire pati, ndipo ndi chiyani chimene chimagwetsa anthu pa bizinesi imeneyi?

Mbewe wa ku Johannesburg anayankha:

Mayi Nachisale, chimene chimagwetsa anthu si mtengo wogulira malo ayi, koma tier, ndalama imene mumalipira kampani ya Linden Lab, eni ake a Second Life, mwezi ndi mwezi, kaya mapuloti anu ali ndi anthu kaya ali mbee. Region yathunthu ndi mamita 256 m'litali ndi m'lifupi momwe, kutanthauza masikweya mita 65,536, ndipo tier yake ndi pafupifupi madola 200 a ku America pamwezi. Poti dola imodzi imasinthidwa pa ma Linden (L$, ndalama za mu Second Life) pafupifupi 250 pa msika wosinthira ndalama wa LindeX, mukufunika kutolera ndalama pafupifupi L$50,000 mwezi uliwonse musanaone phindu ngakhale la tambala imodzi. Mukadula malowo mapuloti 16 a masikweya mita 4,096, aliyense wochita lendi ayenera kumakupatsani pafupifupi L$750 pasabata kuti mungobweza tier basi, ndipo mapuloti anayi akakhala opanda munthu, kusiyanako kutuluka m'thumba mwanu.

Ine zinandichitikira. Banja lina lomwe linatenga mapuloti atatu oyandikana linasiyana, ndipo m'mawa mwake ndinapeza mabokosi atatu akuwala kuti malo alipo, mitengo ndi mipando zonse atanyamula. Panatha miyezi iwiri ndisanapeze ena, koma tier sinandidikire tsiku ndi limodzi lomwe.

Choncho musayambe ndi region. Tengani umembala wolipira wotchedwa Premium, umene umakulolani kukhala ndi masikweya mita 1,024 pa Mainland (malo amene Linden Lab imayang'anira yokha) osalipira tier yapadera, onjezerani pang'ono, ndipo malowo muwaike m'dzina la gulu (group) lanu la mu Second Life, chifukwa malo a gulu amapatsidwa gawo limodzi mwa magawo khumi mwaulere. Mukatha miyezi isanu ndi umodzi ndi anthu awiri kapena atatu, mudzadziwa nokha ngati ntchitoyi mukuikonda.

Nkhoma anayankha:

Ndikugwirizana ndi a Mbewe pa masamu, koma ndiwonjezere za mpikisano. Ambiri amakopeka ndi mbiri ya Anshe Chung, amene mu 2006 anadziwika kuti chuma chake cha mu Second Life chafika madola miliyoni imodzi, koma amaiwala kuti nthawi imeneyo anthu ankalowa mwaunyinji pomwe malo okonzedwa bwino anali ochepa. Lero mukupikisana ndi malandilodi okhala ndi ma region ambirimbiri, amene amatha kutsitsa lendi osamva kuwawa, komanso ndi Linden Lab yeniyeniyo, imene kuyambira 2019 imapereka nyumba zokongola za ku Bellisseria, dera lina la mu Second Life, kwa mamembala ake a Premium. Munthu sadzabwera kwa inu chifukwa cha kutchipa. Adzabwera chifukwa malo anu ali ndi maonekedwe akeake ndiponso chifukwa mumayankha msanga akadandaula.

Kuyankha msangako musakupeputse. Nthawi ya mu Second Life ndi ya ku California, ndipo ife tili patsogolo ndi maola naini kapena khumi, moti wochita lendi wa ku America akamadandaula madzulo kuti mnzake wamanga chikhoma chomutchingira nyanja, kwa inu ndi m'bandakucha.

Nachisale anayankha:

Zikomo kwambiri bambo Mbewe ndi bambo Nkhoma, za nthawiyo sindinaziganizepo n'komwe. Nanga munthu akasiya kulipira koma katundu wake ali pamalopo, mumatani?

Mbewe wa ku Johannesburg anayankha:

Zimenezo mumazilemberatu m'malamulo a malo anu, amene pa region amaikidwa mu covenant: masiku angati mumadikira lendi ikatha, prim (tizidutswa tomangira zinthu) zingati munthu aloledwa kuika, ndiponso ngati sitolo kapena malo ovinira n'zololedwa. Ine ndimadikira masiku atatu, ndimatumiza uthenga kawiri, kenako ndimabweza katunduyo ku inventory (mosungiramo katundu) ya mwini wake. Lembani momveka bwino, chifukwa Linden Lab silowerera mikangano ya lendi pakati pa inu ndi anthu anu. Ndipo poti tier imalipidwa m'madola, musanagule chilichonse yesani kaye khadi lanu la kubanki ngati likudutsa, ndiponso yesani kutulutsa kandalama kochepa kuti muone ngati kakufikani m'manja.