Pasi yolowera malo ambiri ku London: tigule kapena tisiye, poti tili ndi ana atatu?

Make Tadala
Moni nonse. Ndabwera kudzapempha nzeru. Mwezi wa Ogasiti tikupita ku London masiku asanu, ine, bambo a ana ndi ana atatu. Wamkulu ali ndi zaka 12, wachiwiri 7, chitsirizira chili ndi zaka 3. Bambo apeza pa intaneti pasi inayake yoti ukalipira kamodzi umangolowa malo ambirimbiri osatulutsanso ndalama pakhomo: Tower of London, London Zoo, Westminster Abbey, Tower Bridge, basi ya alendo yozungulira mzinda, boti la pa mtsinje wa Thames ndi ena otero. Iwo atengeka kale, akuti tigule ya masiku atatu usiku womwe uno. Ine mtima ukukana, ndalama yake si yamasewera. Inu amene munayendako ndi ana, kodi pasi imeneyi imabweza ndalama yake?

Bambo a Mapasa
Mayi, gwirani kaye dzanja la bambowo asanadine chilichonse. Ine ndinagula pasi ya mtundu womwewo mapasa anga ali ndi zaka 6, ndipo vuto silinali pasiyo ayi, vuto linali ine. Nditangoilipira ndinasanduka kapitawo. Tsiku loyamba tinalowa ku Tower of London m'mawa, ine n'kumati maola awiri tikhala titatuluka. Ana anakakamira pa akhwangwala aja amene amawasunga m'menemo. Wolondera wina wovala zofiira ndi zakuda anawauza nthano yoti akhwangwalawo akadzachoka ufumu udzagwa, basi ana anayamba kuwawerenga kuti atsimikize ngati alipodi asanu ndi mmodzi. Kuwerenga, kubwereza, kukangana kuti uyu tamuwerenga kale. Ine ndili pambali ndi foni m'manja, kuwerengera kuti lero tikapanda kulowa malo atatu ndaluza.

Titatuluka ndinawakokera ku Tower Bridge. Pakati pa mlatho mmodzi anangokhala pansi, kuvula nsapato n'kuziika pambali mwaulemu, akuti miyendo yake yatha. Sanalire, anangonena basi. Ndinamunyamula paphewa, mnzake akulira kuti nayenso anyamulidwe. Tsiku limenelo linathera pomwepo. Pa masiku atatu tinalowa malo asanu okha, ndipo nditawerengera ndinapeza kuti matikiti ogula paokha akanatsika mtengo. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada, ndi ine amene.

NaPhiri
Achemwali, ine ndimakhala konkuno, ndipo alendo a ana ndawayendetsa ambiri. Chimene otsatsa mapasi sanena mokweza n'chakuti malo amene ana amakondwa nawo kwambiri kuno ndi aulere. Kuyambira mu Disembala 2001 mamyuziyamu akuluakulu a boma salipiritsa pakhomo. Natural History Museum ndi Science Museum ali moyandikana ku South Kensington, mutha kutuluka uku n'kulowa uku. Mukangolowa mu holo yaikulu ya Natural History Museum mumaona mafupa a namgumi wa mamita 25 atapachikidwa m'mwamba, kukamwa kuli yasa ngati akutsikira pa inu. Namgumi ameneyo anafera m'mphepete mwa nyanja ku Wexford, ku Ireland, mu 1891, ndipo anamupachika pamenepo mu 2017. Mwana wa zaka 7 mumuchotsa bwanji pansi pa chinthu chotero? Kenako kuli mbali ya madinosau. Tsiku lathunthu limenelo, osalipira kalikonse. British Museum nayo ndi yaulere, National Maritime Museum ku Greenwich chimodzimodzi. Kungoti mu Ogasiti sukulu zimakhala zotseka, anthu amachuluka, ndiye sungitsiranitu nthawi yolowera pa intaneti. Tikitiyo ndi yaulere koma imakupulumutsani ku mzere wautali.

Ndiye pa masiku anu asanu, awiri kapena atatu adyedwa kale ndi zaulere. Pasi ya masiku atatu muilowetsa pati?

Che Masamu
Ine nditsutseko pang'ono, chifukwa mukuiweruza pasi ngati yakuba. Ine inandipindulira. Chinsinsi chake n'kusanja malo oyandikana pa tsiku limodzi. Tower of London m'mawa akangotsegula, muyambe ndi zisoti zachifumu mzere usanatalike. Potuluka Tower Bridge ili pompo, mukwere kumtunda kuja kuli pansi pagalasi, mukuona magalimoto ndi mtsinje mamita 42 pansi pa mapazi anu. Kenako boti kuchokera pa Tower Pier mpaka ku Greenwich, kukalowa mu Cutty Sark, chombo cha mu 1869 chija chinkanyamula tiyi kuchokera ku China, n'kumalizira ku Royal Observatory kumene mwana amaima mwendo wina kum'mawa kwa dziko wina kumadzulo. Malo asanu tsiku limodzi. Mukaphatikiza mitengo ya pakhomo ya malo asanuwo muona nokha kuti pasi yatsiku limenelo yadzigula.

Bambo a Mapasa
Achimwene, ana anu anali ndi zaka zingati?

Che Masamu
14 ndi 16.

Bambo a Mapasa
Aaa, ndiye munayenda ndi akuluakulu anzanu. Royal Observatory ili pamwamba pa chitunda. Tangoganizani kukankha chikuku cha mwana wa zaka 3 pa chitunda chimenecho 4 koloko madzulo, wa zaka 7 akukukokani malaya kuti akufuna kuchimbudzi.

Che Masamu
Pamenepo ndavomera. Koma mfundo yanga ikadalipo: asagule mwachimbulimbuli, asakanenso mwachimbulimbuli. Mayi, tengani pepala. Lembani malo olipiritsa okhawo amene mukudziwa mumtima kuti mukalowadi, osati amene akukongola pa chithunzi. Pitani pa tsamba la malo aliwonse, lembani mtengo wa akulu awiri ndi ana awiri, phatikizani. Zikaposa mtengo wa pasi ndi ndalama yooneka, gulani. Zikangofanana, siyani, chifukwa ufulu wosintha maganizo m'mawa mvula ikagwa nawonso uli ndi mtengo wake. Ndipo werengani malamulo ake bwinobwino. Yomwe ndinagula ine inkawerenga masiku otsatizana, osati maola. Ukaiyamba 3 koloko masana, tsiku loyamba lapita. Ukati mawa tipume, mawalo lawerengedwanso.

Bambo a Tadala
Moni akuluakulu. Ndine woimbidwa mlandu uja, andilowetsa m'gulu muno kuti ndidzimvere ndekha. Ndidziteteze pang'ono. Ulendowu tausungira ndalama zaka ziwiri, ndipo sindikudziwa ngati tidzapitenso. Ndimafuna ana akaone zonse, asadzati bambo anatifikitsa pakhomo la Tower n'kutibweza chifukwa cha mtengo. Chinanso chinandikopa ndi basi ya alendo ija, yopanda denga. Ndimati tikakwera imeneyo nkhani ya mayendedwe yatha.

NaPhiri
Alamu, takulandirani, simunalakwe kufuna zabwino. Koma pa mayendedwe pokhapo ndikuwongoleni. Ana osakwana zaka 11 salipira pa basi za mumzinda, ndipo pa sitima ya pansi pa nthaka ija timati Tube amakwera ulere akakhala ndi wamkulu amene walipira, mpaka ana anayi pa wamkulu mmodzi. Ndiye awiri ang'onowo ayenda mwaulere sabata yonse. Wa zaka 12 mumugulire khadi lolipirira mayendedwe lotchedwa Oyster, mupite naye kwa wogwira ntchito pa siteshoni ya Tube mupemphe Young Visitor discount. Azilipira theka la mtengo wa wamkulu kwa masiku 14. Inu akulu muzingogunda khadi lanu la kubanki pa geti, ndipo pali malire a ndalama imene angakuduleni pa tsiku, mukafika pamenepo maulendo otsalawo sadulanso. Kumbukirani kuti basi za kuno zinasiya kulandira ndalama yapamanja mu 2014, musadzavutike ndi makobidi pakhomo.

Tsono basi yofiira wamba, yosanjikiza ija, mukakwera pamwamba n'kukhala mipando yakutsogolo, mwana amaona zomwezo zimene akanaona pa basi ya alendo. Nambala 15 imadutsa ku St Paul's Cathedral mpaka ku Tower. Kusiyana kwake n'kwakuti palibe wokufotokozerani mbiri m'makutu, koma ndi mwana uti wa zaka 7 amamvetsera zimenezo?

Agogo a Anayi
Ana anga, ndilankhuleko ine wachikulire. Ndinatenga adzukulu anga awiri ulendo ngati womwewu. Makolo awo anali atalemba ndandanda yaitali, malo ndi nthawi yake, ngati ya mayeso. Lero mukawafunsa adzukuluwo chimene amakumbukira, satchula nyumba ya mfumu kapena tchalitchi chachikulu. Amatchula sitima yopanda dalaivala. Kuli sitima ina amati DLR, imayenda yokha, ndiye mpando wakutsogolo kwenikweni umakhala wa aliyense. Mdzukulu wanga wamng'ono anakhala pamenepo, manja atagwira chiwongolero cha m'maganizo mwake, akulengeza masiteshoni mokweza, mpaka bambo wina wa tayi amene anakhala pambali anayamba kumuyankha kuti zikomo adalaivala. Tinapita, kubwerera, kupitanso. Tinatsikira pa Mudchute, pamene pali famu yaulere pakati pa nyumba zitalizitali, nkhosa ndi nkhumba zikudya udzu kumbuyo kukuoneka maofesi agalasi.

Tsiku lina tinakhala ku St James's Park kuonerera avuwo, mbalame za milomo ngati thumba zija. Zakhala zikusungidwa m'paki imeneyo kuyambira 1664, pamene kazembe wa ku Russia anapereka zoyamba kwa mfumu, ndipo masana amazipatsa nsomba anthu akuona. Kuchoka apo Buckingham Palace ndi pafupi, asilikali akamasinthana ulonda cha m'ma 11 koloko m'mawa mumaonera ulere, kungoti sachita tsiku lililonse, muyang'aniretu masiku ake. Ine sindikuti musalipire kalikonse. Ndikuti mwana akapeza pomukomera, pasakhale pepala m'thumba mwa bambo lowauza kuti nyamukani.

Mayi Wachikuku
Pepani ndalowerera mochedwa. Palibe watchula za kamwana ka zaka 3, koma ndi kamene kadzalamulire ulendo wonse. Ku Tower of London osakwana zaka 5 salipira, koma ku London Zoo aulere ndi osakwana zaka 3, ndiye kanuko kalipira. Funsitsani ngati pasiyo ikukaphimba, chifukwa mapasi a ana nthawi zambiri amayambira zaka 5. Chachiwiri ndi masitepe. Pa masiteshoni 272 a Tube, opanda masitepe kuchokera mumsewu mpaka pokwerera ndi pafupifupi limodzi mwa magawo atatu alionse. Kwinako mumanyamula chikuku m'manja, mwana ali momwemo, chikwama kumsana. Malo asanu pa tsiku a Che Masamu aja, kwa inu ndiye kunyamula kakhumi. Pa basi chikuku chimangolowa osachipinda, pokhapokha akabwera wa njinga ya olumala, malowo ndi ake. Ndipo kamwanako kamagona masana, si choncho? Maola awiri amenewo pasi ikuwerengabe.

Make Tadala
Kamagona, ndipo kakapanda kugona tonse timadziwa. Tatenga pepala monga ananenera Che Masamu. Malo olipiritsa amene tonse tagwirizana ndi atatu okha: Tower of London, London Zoo ndi boti lopita ku Greenwich. Westminster Abbey bambo okha ndi amene akuifuna, ana atafunsidwa angoyang'anana. Titaphatikiza, sizikufika pa mtengo wa pasi ya masiku atatu.

Che Masamu
Ndiye musagule ya masiku atatu, nkhani yatha. Koma bambo ngati mtima ukuwawabe, pali njira yapakati. Gulani ya tsiku limodzi, anthu awiri, inu ndi wa zaka 12. Mudzuke m'mamawa muthamange ulendo wanga uja wa Tower mpaka Greenwich, mayi ndi ang'onoang'ono akakupezeni ku Greenwich Park madzulo.

Make Tadala
Ndiye ine nditsale ndi awiri ovutawo tsiku lonse, iwo akujambulitsa pagalasi?

Bambo a Mapasa
Che Masamu mwayatsa moto m'nyumba ya eni.

Bambo a Tadala
Ayi, tagwirizana. Tsiku limenelo ndi langa ndi Tadala, tsiku lotsatira ine nditenga ang'ono awiriwo kwa namgumi, mayi apite kumene akufuna okha. Ya masiku atatu ija ndaitseka. Agogo, sitima yopanda dalaivalayo tikakwerere pati kuti mpando wakutsogolo tikaupeze wopanda munthu?

Agogo a Anayi
Kwererani pa Tower Gateway, mwana wanga, ndi pamene imayambira, pafupi ndi Tower pomwepo. Mukapeza ana ena akhala kale, isiyeni ipite, ina ibwera posachedwa.