Labala wa pamkono wa drysuit akuthina

Funso: Akuluakulu, labala wa latex wotseka madzi pamkono wa drysuit yatsopano (suti yosalowa madzi yovala posambira pansi pa madzi) akuthina mpaka zala kuchita dzanzi. Manja a sutiyo atalikanso. Ndidule?

Yankho 1: Musathamangire sizasi, achimwene. Muvekeni kaye pabotolo lonenepa pang'ono kuposa mkono wanu, agone usiku wonse. Akakanabe, dulani mzere umodzi wokha mwa mizere yozungulira kukamwa kwa labalayo ndi sizasi yakuthwa, muyesenso. M'mphepete mukatsala kamano, mpomwe amang'ambikira. Mukadula kwambiri madzi azilowa mukafumbata dzanja.

Yankho 2: Za manjawo, matulani labalayo pomutenthetsa pang'ono, mudule nsalu mutayeza chigongono chili chopinda. Palani labala ndi sandipepala, pakani guluu wa neoprene kawiri kapena katatu, mumate, ziume maola 24.

Yankho 3: Povala thirani paudala wa talc wopanda fungo. Mafuta odzola amawononga latex.