Chuma akuti chikukwera koma anthu ali pomwepo: zionetsero zimayambika bwanji?

Nachisale:
Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Boma likamalengeza chaka ndi chaka kuti chuma chakwera, nyumba zosanja zikumera m'tauni, koma lendi ndi mtengo wa basi zikuthamanga kuposa malipiro, anthu a dera limodzi angakonze bwanji zionetsero zoti ziphule kanthu? Mukangotsegula pakamwa amakuyankhani ndi manambala, amvekere chuma chakula, mukudandaula chiyani. Poyambira ndi pati, ndipo chimagwetsa zionetsero zotere n'chiyani?

Bambo Mbewe:
Mayi, nambala yawoyo musalimbane nayo, kawirikawiri imakhala yoona. Kungoti siinena kuti ndalamazo zalowa m'thumba mwa ndani. Tengani anthu 10: anthu 9 amalandira 100 aliyense, mmodzi amalandira 1,000. Mukagawa mofanana, aliyense ali ndi 190. Mmodzi uja akafika pa 2,000, chiwerengerocho chikwera kufika 290, pomwe anthu 9 aja sanaonjezereko ngakhale kakobiri. Chitsanzo chimenechi chinenedwe pamsonkhano woyamba, anthu asamachite mantha ndi maperesenti.

Kenako pangani manambala anuanu. Anthu awiriawiri ayende makomo osachepera 100 ndi pepala la mafunso asanu okha: pakhomo pali anthu angati, amapeza zingati pamwezi, lendi ndi zingati, mayendedwe ndi zingati, ndipo chaka chatha zinali bwanji. Mayina musalembe, lembani nambala ya khomo, apo ayi anthu amabisa zoona. Malipiro akakhala kuti anakwera ndi 5 peresenti koma zofunika pakhomo zakwera ndi 12 peresenti, munthuyo wasauka ngakhale akulandira zambiri. Tsamba limodzi lotere atolankhani amalikonda kuposa kalata ya masamba khumi.

Pomwe ambiri amagwa ndi pa zofuna. "Umphawi uthe" si chinthu choti wina angasayinire. Chofuna chikhale ndi nambala, tsiku, ndi ofesi yomwe ili ndi mphamvu yovomera. Zisapitirire zitatu. Ku Santiago m'dziko la Chile, lomwe linkatamandidwa kuti chuma chake chikuyenda bwino, mtengo wa sitima za mumzinda unakwera ndi mapeso 30 mu October 2019. Ana asukulu anayamba kulumpha zipata osalipira, ndipo pa 25 October anthu oposa 1 miliyoni anadzaza mumsewu. Mtengo uja boma linauimitsa m'masiku ochepa chifukwa chinali chinthu chogwirika. Koma nkhani yaikulu ya malamulo atsopano oyendetsera dziko, omwe anthuwo ankafunanso, inatenga zaka, ndipo malamulowo atalembedwa kawiri, zolemba zonse ziwiri anthu anazikana pa mavoti a 2022 ndi 2023.

Nangozo:
Zimenezo zoona bambo. Ine ndinenepo za tsiku lenilenilo, poti ndi pomwe ntchito ya miyezi imaonongekera mu ola limodzi.

Malamulo odziwitsira akuluakulu amasiyana dziko ndi dziko, choncho funsani loya kuti kalata ipite masiku angati tsikulo lisanafike komanso kwa yani. Mulembemo tsiku, ola loyambira ndi lomalizira, njira yodzera, ndi chiwerengero chomwe mukuyembekeza. Kope imodzi akudindireni chidindo, ndipo tsikulo ikhale m'manja mwa amene akulankhula ndi apolisi. Ameneyo akhale mmodzi yekha, wosapsa mtima msanga.

Njirayo muiyende ndi miyendo kusanafike tsiku. Pewani mlatho wopapatiza, msika ndi mzere wa masitolo. Pa anthu 20 kapena 30 alionse pakhale woyang'anira mmodzi wovala chomuzindikiritsa, ena kutsogolo, ena m'mbali, koma odalirika kwambiri muwaike kumbuyo. Chipwirikiti chimayambira kumchira, komwe chinkuzamawu sichimveka ndiponso komwe olowerera amalowera. Liwiro likhale la agogo, anyamata akathamanga mzere umaduka pakati. Madzi akumwa, bokosi la chithandizo choyamba ndi galimoto imodzi yonyamula wokomoka zikhalepo. Nambala ya loya anthu ailembe pamkono ndi cholembera, foni imatha kutayika kapena kulandidwa.

Chikalata cha madandaulo akapereke anthu asanu, wolandirayo asayinire, ndipo muike malire, mwachitsanzo masiku 14. Mukatero balalikani dzuwa likadali pamwamba, m'magulu, oyang'anira achoke pomalizira. Sitolo imodzi ikangophwanyidwa, mawa nkhani yonse ikhala ya kuba, za lendi zija palibenso wozitchula. Ku Maputo mu September 2010, chuma cha Mozambique chikukula pafupifupi 7 peresenti pachaka, anthu anamemana pa mauthenga a pafoni mtengo wa buledi utakwera. Boma linabweza mtengowo, inde, koma anthu osachepera 13 anafa, ndipo panalibe komiti yodziwika yoti ikakhale pansi ndi boma pambuyo pake.

Che Jailosi:
Pepani achemwali, koma ine ndikuona kuti kuguba timakukweza kwambiri. Chuma chikamayenda bwino, olamula amatha kungodikira kuti mutope. Mu 1968 ku United States ulova unali pansi pa 4 peresenti, koma osauka anali mamiliyoni. Mtsogoleri womenyera ufulu wa anthu akuda, Martin Luther King, anakonza zoti osauka akamange misasa ku Washington. Iye anaphedwa pa 4 April, mnzake Ralph Abernathy n'kupitiriza. Anthu pafupifupi 3,000 anakhala m'misasamo milungu isanu ndi umodzi, mvula inasandutsa malowo matope, chilolezo chinatha, ndipo pa 24 June apolisi anawachotsa. Kubindikira kumadya ndalama tsiku lililonse: chakudya, zimbudzi, odwala. Ngati thumba silingafike mwezi, musakuyambe.

Chomwe chimaluma ndi kulondola ndalama za boma zomwe zachulukazo. Ku Rajasthan m'dziko la India, kuyambira 1994, bungwe la antchito ndi alimi lotchedwa MKSS linkapeza mabuku a malipiro a ntchito zachitukuko n'kumawawerenga mokweza pabwalo, mudzi wonse ukumva. Mumatuluka mayina a anthu omwe anamwalira kalekale koma akulandirabe malipiro. Ntchito imeneyo inathandiza kubala lamulo la 2005 lopatsa nzika ufulu woona zikalata za boma. Mumzinda wa Baltimore ku United States mu 1994, mipingo ndi bungwe la apantchito anakakamiza khonsolo kukhazikitsa lamulo loti makampani opatsidwa kontrakiti yogwira ntchito za mzinda azilipira antchito malipiro okwanira kukhalira moyo. Onani kuti onsewa anagwira pomwe boma silingakane kuti ndalama zilipo.

Nachisale:
Zikomo nonse. Nanga andale akabwera ndi galimoto ndi ndalama kuti athandize?

Che Jailosi:
Alowe mumzere ngati wina aliyense, opanda nsalu ya chipani, ndipo chinkuzamawu asachigwire. Ndalama yawo musalandire, chifukwa tsiku lomwelo zionetserozo zisanduka za chipani ndipo theka la dera libwerera kunyumba. Sonkhani pang'onopang'ono khomo ndi khomo, msungichuma asatulutse kanthu popanda siginecha ya anthu awiri, ndipo ndalama zolowa ndi zotuluka ziziwerengedwa pamsonkhano uliwonse. Kokambirana ndi akuluakulu asamapite munthu mmodzi, poti kugula mmodzi n'kosavuta. Apite asanu aja, mlembi alembe zonse, ndipo madzulo omwewo akafotokozere anthu zomwe alonjezedwa ndi tsiku lake. Masiku 14 aja akatha opanda yankho, chotsatira chikhale chogwirizana kale, kaya kunyanyala kaya kukadzaza msonkhano wa khonsolo wokambirana bajeti.