Ndalama za chaka chino: zoyezera mvula kapena nkhokwe ya mbewu?

Wapampando: Abale, alangizi a zaulimi kwathu ku East Bank, kutsidya lakum'mawa kwa mtsinje wa Shire, apempha zida zoyezera mvula, komiti ya VCPC, yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi m'mudzi, ikufuna nkhokwe ya mbewu. Thumba lathu silingakwanitse zonse. Tiyankhulepo.

Mlembi: Zikomo a Wapampando. Choyezera mvula pamudzi sichingatichenjeze za madzi osefukira. Mtsinje wa Ruo umadzaza ndi mvula ya ku phiri la Mulanje, kwathu kungakhale kouma madzi ali m'njira. Chofunika ndi mlongoti wa mumtsinje wopakidwa mitundu itatu, wobiriwira pansi, wachikasu pakati, wofiira pamwamba, ndi munthu wouwerenga m'mawa ndi madzulo n'kuimbira mlangizi. Madzi akafika pachikasu ziweto zizipita kumtunda, osadikira pofiira.

Membala wa ku Joni: Achimwene mwanena zoona, koma mlongoti ndi wotchipa, utoto ndi simenti basi. Ndalama yaikulu ipite ku mbewu. Namondwe Freddy atadutsa mu Malichi 2023, chinyontho m'madimba chinalipo, chosowa chinali chobzala. Chithandizo chikachedwa, nthaka imayamba yauma.

Msungichuma: Nkhokweyo ndikuvomereza, koma tisatolere chimanga chilichonse. Cha hayibulidi chobwereza chimatsika zokolola. Tisunge chocha msanga cha mtundu wobwerezeka, mapira, mchewere ndi khobwe. Pa mizere ya 75 cm, phando lililonse 25 cm, njere imodzi, ekala imadya pafupifupi makilogalamu 10 a chimanga. Mlangizi awerenge maekala a dimba a mabanja, tidziwe matumba ake.

Mayi a ku Limbe: Kuumitsa ndiye kumene anthu amalakwitsa, bambo. Chimanga chifike chinyezi cha 13%. Poyesa, thirani mchere wouma m'botolo louma pamodzi ndi njere, gwedezani, dikirani pang'ono. Mchere ukamatirira m'mbali, bwererani padzuwa. Zikauma tisunge m'matumba osalowa mpweya a PICS. Thumba la PICS lili ndi mapepala apulasitiki awiri mkati ndi saka kunja. Finyani mpweya, mangani lililonse palokha. Khoswe akaboola pepala, anankafumbwe ayambiranso, ndiye matumba akhale pathandala, osagunda khoma.

Mlembi: Nanga mbatata? Simungaiike m'thumba.

Mayi a ku Limbe: Imeneyo ikufuna nazale pamtunda pafupi ndi madzi, yotchingidwa kuopa mbuzi. Zodula zikhale 25 mpaka 30 cm.

Msungichuma: Ndiwonjezere: mvula isanayambe mlangizi ayale njere 100 pa saka lonyowa, awerenge zomera pakatha masiku 7. Zikamera zochepa, mbewuyo isinthidwe nthawi ikadalipo. Makiyi akhale awiri, wina kwa mlangizi, wina kwa VCPC, chifukwa njala ya Febuluwale ikaluma mbewu imasanduka ufa.

Membala wa ku Joni: Wobwereka azibweza bwanji? Ine ndikuti chidebe chimodzi, abweze chimodzi ndi theka.

Wapampando: Zimenezo tikambirane ndi amfumu. A Mlembi, funsani malo okwera amene madzi a 2015 ndi a Freddy sanafikepo, mutiuze Loweruka.