Bambo a agogo anachona: dzina lawo ndilifufuze pati pa intaneti?

Nachisale:
Moni nonse. Bambo awo a agogo anga anachoka ku Ntcheu cha m'ma 1940 kukasaka ntchito kunja, ndipo sanabwerenso. Ena kumudzi amati anali ku Harare, ena amati anapita kumigodi ya ku South Africa ndi Wenela, bungwe lomwe linkalemba anthu ntchito. Chomwe tili nacho ndi dzina limodzi ndi mfunda basi. Kodi pali malo pa intaneti omwe ndingapezeko komwe anathera, osalipira ndalama zambiri? Ndiyambire pati?

Phiri wa ku Dedza:
A Nachisale, musanayatse foni, khalani kaye pansi ndi akuluakulu akumudzi. Dzina limodzi silikwanira. Munthu wa nthawi imeneyo amatha kukhala ndi dzina laubwana, lina lakuchinamwali, lina laubatizo, kenaka lina lomwe kalaliki kapena kapitawo anamulembera kuntchito, monga John kapena Jim. Pamalo pa mfunda, kawirikawiri amalemba dzina la bambo ake. Funsani maina onsewa, dzina la nyakwawa ndi mfumu yaikulu ya nthawi imeneyo, mpingo womwe amapemphera, komanso anthu omwe ananyamuka nawo. Papepala za ulendo munthu amadziwika ndi mudzi, mfumu ndi boma lake, choncho dzina la mfumu ndi lomwe lidzakusiyanitsireni John wanu ndi a John enawo.

Mukatero tsegulani akaunti pa FamilySearch, tsamba losakirapo mbiri ya mabanja. Ndi yaulere. Kalata yakubadwa musavutike nayo, chifukwa m'nthawi ya atsamunda lamulo lolembetsa ana limakakamiza azungu ndi amwenye okha, ndipo lokakamiza aliyense linayamba kugwira ntchito mu 2015. Sakani kaundula wa imfa wa komwe anapitako. Muli mabuku a imfa a ku Zimbabwe ofika m'ma 1970, ndi a ku Transvaal, ku South Africa, ofika 1954. Pa malo obadwira lembani Nyasaland, osati Malawi. Zaka zisiyeni zotakasuka, zisanu kutsogolo zisanu kumbuyo, poti zaka za munthu amangoyerekeza pomuyang'ana nkhope.

Pomwe ambiri amagwera ulesi ndi pa kalembedwe. Phiri amalembedwa Piri, Nkhoma amatha kukhala Nkoma, Ntcheu anali Ncheu. Pomwe mukukayika ikani kanyenyezi: mukalemba P*iri, makinawo amabweretsa zonse ziwiri. Dziwaninso kuti si masamba onse omwe maina ake anakoperedwa kuti azisakika. Bokosi losakira likakana, lowani pa Catalog, lembani dzina la dera, ndipo muziwerenga zithunzi za mabukuwo tsamba ndi tsamba. Zimadya nthawi ndi bando, koma maina a anthu athu ambiri ali m'menemo.

Jere:
Ndikugwirizana ndi a Phiri, koma funso loyamba n'lakuti anapita pa kontilakiti kapena paokha. Zimenezi zimasintha chilichonse.

Opita ndi Wenela amalembedwa mwadongosolo: dzina, mudzi, mfumu, chidindo cha chala, nambala ya kontilakiti ndi mgodi womwe atumizidwa. Wenela inadzalowa m'bungwe la TEBA mu 1977, ndipo mapepala ake akale akusungidwa ku laibulale ya University of Johannesburg. Simungalembe dzina pa intaneti n'kumupeza munthu m'mapepala amenewo ayi. Intaneti ikuthandizani kupeza keyala yawo, inu n'kulemba kalata. M'kalatamo ikani maina onse, boma, mfumu, zaka zomwe mukuganizira, ndi nambala iliyonse yomwe ingapezeke pa chitupa chakale kapena pa kalata yotumizira ndalama. Pitani mukavundukule masutikesi a agogo. Nambala imodzi imaposa maina asanu.

Opita ku Rhodesia (Zimbabwe ya lero) ambiri amangoyenda okha wapansi kudzera ku Tete, ena ndi Mthandizi, bungwe lolemba anthu ntchito za kumeneko, n'kukathera m'mafamu a fodya kapena m'migodi ngati Wankie ndi Shamva. Amenewa ndi ovuta, chifukwa mwini famu samasunga kaundula wokhalitsa, ndipo munthu amatha kusintha dzina akathawa bwana wankhanza. Apa magulu a pa Facebook a zidzukulu za Amalawi ku Zimbabwe amathandiza kuposa kaundula. Lembani mfunda, mudzi ndi mfumu. Machona ambiri anakwatira komweko, ndipo ana awo mudzi wa bambo awo amaudziwa ndi dzina lokha. Koma chenjerani ndi wokuuzani kuti mutumize kaye ndalama kuti akuonetseni manda.

NaBanda:
Ndionjezepo za kuno kwathu, popeza munthu amafunika umudziwe bwino komwe anachokera usanamutsatire kunja.

Kaundula wodalirika wa makolo athu ali m'mipingo. A Katolika anafika ku Nzama, m'boma lanu lomwelo la Ntcheu, mu 1901, ndipo buku lawo la ubatizo limakhala ndi dzina la mwana, makolo ake, mudzi ndi omuimira pa ubatizo. A mpingo wa Dutch Reformed anayamba ku Mvera mu 1889. Mabuku ambiri otere akadali ku parishi kapena ku ofesi za sinodi, ndiye pamafunika kupita ndi miyendo, mutanyamula dzina laubatizo ndi chaka choyerekeza.

Pa intaneti, onani tsamba la Endangered Archives Programme la British Library. Muli zithunzi za mapepala a maboma ndi mafumu a m'nthawi ya Nyasaland, ndipo kuwerenga n'kwaulere. Ndi zolemba pamanja, m'Chingerezi nthawi zambiri, koma mbiri ya maufumu ndi kusamuka kwa midzi imapezekamo. Posaka gwiritsani ntchito maina akale: Fort Johnston ndi Mangochi, Port Herald ndi Nsanje, Fort Manning ndi Mchinji, Kota Kota ndi Nkhotakota. Zotsalazo zili ku National Archives ku Zomba. Kumeneko za chaka cha 1919 chisanafike n'zochepa, chifukwa moto unatentha ofesi zaboma chaka chimenecho, koma za m'ma 1940 zomwe mukufunazo motowo sunazikhudze.

Nachisale:
Zikomo nonse. Amalume akuti mwina anayamba alowa usilikali pa nkhondo ya Hitler. Nanga zoyezetsa DNA zija zingathandize?

Jere:
Ngati ndi usilikali, sakani pa tsamba la Commonwealth War Graves Commission, bungwe losamalira manda a asilikali, n'laulere. Pa gulu lankhondo sankhani King's African Rifles. Muli okhawo omwe anafera kunkhondo, ndipo asilikali athu ambiri analembedwa ndi dzina limodzi ndi nambala. Bungwe lomweli linavomera mu 2021 kuti anthu ambiri a mu Africa, makamaka a nkhondo yoyamba, sanalembedwe maina, ndiye dzina likasowa musafulumire kunena kuti amalume alakwitsa.

Za DNA, ine ndingati dikirani. Makina amakufananitsani ndi okhawo omwe anayezetsanso kukampani yomweyo, ndipo anthu a kuno kwathu ndi ku Zimbabwe omwe anayezetsa ndi ochepa kwambiri. Ndalama imeneyo ikagwire ntchito ya thiransipoti yopitira ku parishi ndi ku Zomba. Ndipo amalumewo ajambuleni mawu pa foni sabata ino, muwafunse yemwe anawauza za usilikaliwo, komanso ngati kunabwerapo mendulo kapena kalata ya penshoni.