Thandizeni: malamulo ati angayendere nkhani ya ufiti wa kumudzi?

Ba admin ndiloleni ndifunseko, ndikudziwa muno alipo osewera ma RPG a pa tebulo (masewero amene aliyense amakhala ngati munthu wa m'nkhani, madaisi nkumagamula zochitika). Ife timakumana ku Kabwata mu Lusaka Loweruka masana, ine ndimakhala DM (woyendetsa nkhani), timasewera Dungeons & Dragons ya 5e (edishoni yachisanu) ija inatuluka mu 2014. Zolowa m'mapanga, kumenya zilombo, kutola golide, apo D&D ilibe mnzake, ndi ntchito yake kuyambira 1974. Koma manje ndikufuna nkhani zija tinkamva kwa agogo kum'mawa, mwana wadwala mosadziwika bwino, usiku fisi akulira kuseri kwa nkhokwe, kukacha pakhomo pali mapazi, aliyense akuganizira mnzake koma palibe wotchula dzina poti mwina ndi amalume ako enieni, ndiye ngakhale utadziwa sungangotola nkhwangwa.

Malamulo a D&D akumathetsa mantha amenewo msanga. Cleric (wansembe wa m'masewerowa) ali ndi spell, kapena kuti matsenga, ya Zone of Truth, amangosonkhanitsa anthu pabwalo nkumafunsa mmodzimmodzi, wolephera save (kuponya daisi kuti matsenga asamugwire) sanganame. Akafika level 5 ali ndi Remove Curse yochotsa temberero, mwana wachira, wizard (wamatsenga) naye wapeza Fireball, moto wa 8d6 (madaisi 8 a mbali 6), fisi wapsa ndi nkhokwe yomwe. Matsenga ake ali ngati mayunitsi a magetsi, ukudziwa watsala ndi ma spell slot (mipata yochitira matsenga) angati, ukapuma maola 8 adzadzanso. Pomwe m'nkhani zathu kukhwima kumafuna chizimba, ukaphonya zomwe a sing'anga anakuuza umapenga kapena kwanu kumagwa maliro. Ndisinthiretu masewero kapena ndingochotsa ma spell ena? Sindikufuna anzanga aone ngati ndawalanda mphamvu.

Wa ku Chelstone:
Achimwene musachotse ma spell, mudzangokangana pachabe, munthu wavutikira level 5 yake. Yesani RPG ina yotchedwa Call of Cthulhu, ilipo kuyambira 1981. Mumaponya d100 (madaisi opereka nambala kuyambira 1 mpaka 100), osewera ndi anthu wamba, ma hit point (nambala ya moyo wa munthu) ndi ochepa ndipo sakwera ndi ma level, komanso pali Sanity (nambala ya kukhazikika kwa mutu) imene imatsika ukaona zoopsa kapena ukachita matsenga. Nkhani zake zambiri ndi za ku America cha m'ma 1920 koma mungosintha, wina akhale mphunzitsi, wina namwino wa pa kiliniki, wina mwana wa a nyakwawa.

Wa ku Matero:
Cthulhu ndi yabwino koma imakokera ku misala ndi zilombo zazikulu, pomwe nkhani yanuyi ili pa chibale. Ine ndinganene malamulo a Apocalypse World ya 2010 ndi ena otengera pamenepo monga Monster of the Week. Madaisi awiri a ludo basi, omwewa timagula ku Kamwala, osavutika kusaka d20 (daisi ya mbali 20). Ukapeza 10 kupita m'mwamba zatheka, 6 kutsika zavuta, koma pokoma ndi pa 7 mpaka 9, pamene zimatheka koma ulipirapo kanthu. Ndiye wosewera wapita kwa sing'anga waponya 8, inu mumuuze kuti mwana achira koma usadzadyenso nsima kwa azakhali ako, ndipo usawauze chifukwa. Muone mmene tebulo likhalire chete sabata yotsatira azakhaliwo akabwera ndi mbale yovundikira.

Mayi wa ku Chilenje:
Ana anga sewerani, koma ziwiri. Gule Wamkulu musamuike m'gulu la zilombo zomenyedwa ndi madaisi, ndi mwambo wathu umenewo ndipo wina pa tebulopo akhoza kukhala wolowa. Chinanso mfiti isamangokhala agogo okalamba okhala okha, okalamba ambiri amenyedwa kumidzi ndi nkhani zotere, nchifukwa chake lamulo la Witchcraft Act muno mu Zambia limaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti.

Wofunsa:
Zikomo amayi, ndamva, mwina nkhaniyo ikhale yoti woganiziridwayo alibe mlandu ndipo osewera amupulumutse mudzi usanamuthamangitse. Ba Matero za madaisi awirizo zandigwira mtima, tiyesa Loweruka. Koma ndithandizeninso apa, chibalecho mumachilemba bwanji pa pepala la wosewera, pali nambala imene imatsika munthu akanamizira m'bale wake kapena mumangozisiya m'manja mwa woyendetsa nkhani?