Kodi kusiyana kwa anthu tingakuonetse bwanji mu modelo ya system dynamics?

Funso:
Akuluakulu, ndikukonza modelo ya kafalidwe ka HIV mu Vensim, pulogalamu ya pakompyuta ya system dynamics (njira yoonetsera mmene ziwerengero zimasinthira pakapita nthawi), koma stock imodzi (bokosi losunga chiwerengero cha anthu mu modeloyo) imatenga anthu onse ngati ofanana, pomwe achinyamata ndi achikulire sali pachiopsezo chofanana. Kodi kusiyana kumeneku ndikuonetse motani?

Yankho loyamba:
Gawani stock iliyonse ndi ma subscript (zizindikiro zogawira stock m'magulu ang'onoang'ono), ndipo magulu a zaka muwalumikize kuti anthu azisamukira m'gulu lotsatira akamakula. Koma chenjerani, chifukwa zigawo sizichedwa kuchuluka: mukaphatikiza amuna ndi akazi, magulu asanu a zaka ndi magulu atatu a chiopsezo, mupeza zigawo 30, ndipo chilichonse chidzafuna ziwerengero zakezake.

Yankho lachiwiri:
Kwa ine, kugawako sikokwanira popanda tebulo losonyeza kuti gulu liti limagonana ndi gulu liti. Ngati matendawa akufala makamaka kudzera mwa anthu ochepa okhala ndi zibwenzi zambiri, avareji idzakusocheretsani, ndipo ndi bwino kuyesanso modelo yotsata munthu aliyense payekha, yomwe pulogalamu ina yotchedwa AnyLogic imalola kuiphatikiza ndi ma stock anuwo.

Wofunsa:
Zikomo kwambiri. Ndiyamba ndi magulu a chiopsezo okha, kenako ndione ngati kuwonjezera zaka kukusintha zotsatira.